Ankamutcha Gege

Anakumana pa siteji ya basi ku Finglas, mvula ikuwaza, chaka chimene ntchito zomanga zinaima mu Dublin monse. Tarsizio anali atangochotsedwa kumene pa ukalipentala. Mtsikana amene anaima pambali pake ankang'ung'udza nyimbo ya Misa ya Chichewa, maso ali pa kabuku ka zilembo zonga mapazi a nkhuku.

"Achemwali, nyimboyo ndi yakwathu, koma bukulo ayi."

"Achemwali anu ali kumudzi," anayankha mtsikanayo akumwetulira. "Ine ndine Bernadette."

Ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Lamlungu masana ankadzipereka kuphunzitsa Chingerezi Akatolika a ku China amene ankasonkhana m'holo ya parishi ina m'tauni, iwonso n'kumamuphunzitsa chinenero chawo. Tarsizio anayamba kumuperekeza, ati kukakonza mipando. Mipando yonse inachira, koma iye sanasiye kupita.

Iye ankamutcha "duwa langa". Bernadette ankamutcha "gege". Atafunsa tanthauzo lake, mtsikanayo anaseka n'kunena kuti ndi dzina la munthu wapamtima. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wadzuka bwanji gege wanga? Usaiwale jekete." Munthu wopanda ntchito angafunenso chiyani?

Kenaka mnzake Overstone anaimba kuchokera ku Canada. Anali atamupezera malo pa kampani yomanga, ndipo yankho linkafunika pofika Lachisanu.

Tarsizio anatengera Bernadette ku Dún Laoghaire, n'kumuuza zonse akuyenda padoko. Anamufunsa ngati apite kapena akhale. Mtsikanayo anayang'ana madzi.

"Usandisiye ndekha kuno, gege."

"Komwe uli ndi komwe ndili," analonjeza.

Lachisanu anakana ntchito ija. Overstone anamunena kuti wadyetsedwa mankhwala, n'kupereka malowo kwa wina.

Patapita miyezi iwiri, Bambo Gerard, wansembe amene ankayang'anira gululo, anaimirira m'holo muja anthu akumwa tiyi. Anati ali ndi nkhani yabwino. Bungwe lotumiza akhristu odzipereka kunja linali litavomera Bernadette, ndipo apita ku Taiwan zaka zitatu. Anayamikira kupirira kwake, chifukwa anapempha kale mu Januwale.

Mu Januwale? Ku Dún Laoghaire kuja anapita mu Ogasiti.

Anthu anawomba m'manja. Mayi wina wachikulire wa ku China anagwira dzanja la Tarsizio n'kumuuza m'Chingerezi chodukaduka kuti ayenera kunyadira mlongo wake. Tarsizio anati Bernadette si mlongo wake. Mayiyo anadabwa. Nanga si amamutcha gege? Kwawo, anatero, gege ndi mchimwene wamkulu.

Tarsizio anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

Anamupeza m'khitchini akutsuka makapu. Bernadette sanatembenuke.

"Pa fomu ya bungwelo anafunsa ngati uli ndi chibwenzi?"

"Anafunsa."

"Unalemba chiyani?"

Bernadette anatseka mpopi. Atayamba kulankhula, mawu anatuluka mothamanga, osakanikirana ndi misozi. Anati maitanidwe a utumikiwu anawamva kalekale asanamudziwe. Anati analemba kuti alibe, poopa kuti akalemba zoona a bungwe amusiya. Ankaopanso kuti bungwelo likamukana, Tarsizio ali ku Canada, ataya zonse ziwiri. Analumbira kuti amamukonda, ndipo dzinalo atsikana a kumeneko amaitaniranso zibwenzi zawo.

"Mwina amatero," anatero Tarsizio. "Koma iwe unasankha dzina loti Bambo Gerard akalimva asakayike kanthu."

Bernadette sanakane.

"Ndinali ambulera, eti? Wosunga kuseri kwa chitseko, mwina kungagwe mvula."

"Tarsizio, chonde!"

Aka kanali koyamba kumva dzina lake lenileni pakamwa pake. Anatenga bokosi lake la zipangizo limene linkakhala pansi pa siteji ya holoyo, n'kutuluka.

M'basi yobwerera ku Finglas anakhala pamwamba, kutsogolo. Anadutsa nyumba zosatha kumanga, makina onyamulira katundu ataima chilili pamwamba pake. Foni inalira, uthenga utalowa.

"Gege, ndikhululukire. Ndidikire zaka zitatu zokha. Ndidzabwera kwa iwe."

Anawerenga kawiri. Analemba zambiri n'kufufuta, analembanso n'kufufuta. Basi itaima pa siteji imene anakumana ija, anatumiza mawu atatu okha.

"Muyende bwino, achemwali."