Kukutu-kukutu M'chipinda cha Ababa

Kunali kamtsikana kena. Kwawo ankamutchula kuti Kakhutu. Ankamva chilichonse. Ngakhale singano igwe pansi, iye ankaimva.

Kakhutu ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti bambo ake asekenso.

Bambo ake anali ophika buledi. Ankagwira ntchito anthu ali mtulo. Ankabwera m'mawa, ufa uli mbuu m'tsitsi. Masana ankagona.

Kale ankaseka kwambiri. Koma tsopano anasiya. Ankangokhala atagwira tsaya. Chakudya ankangolawa.

"Ababa, mwakwiya?" anafunsa Kakhutu.

"Ayi, mwana wanga. Nsagwada zikundipweteka."

Tsiku lina Kakhutu anaweruka kusukulu. Amayi anali asanabwere kuntchito. Dzuwa linali paliwombo. Makatani anali otseka. M'nyumba munali zii.

Kenaka anamva kanthu.

Kukutu. Kukutu. Kukutu.

Kakhutu anaima. Anatchera khutu. Anasuzumira pansi pa tebulo. Panalibe khoswe. Anatsegula kabati. Munalibe khoswe.

Mphaka anali pampando. Ubweya wake unali utaima. Ankayang'ana chitseko cha chipinda cha bambo.

Kukutu. Kukutu. Kukutu.

Zinkamveka ngati galu akudya fupa. Koma kwawo kunalibe galu.

Kakhutu anachita tsemwe. Anathawira panja. Anakhala pakhomo mpaka amayi anabwera.

"Amayi, m'chipinda muli chinthu!"

Amayi anamvetsera. Sanamve kanthu.

"Ndi mphepo, mwanawe," anatero.

Koma mawa lake chinabweranso. Tsiku linalo chinabweranso. Bambo akagona, chinkabwera. Bambo akadzuka, chinkachoka. Ndipo bambo ankadzuka atagwira tsaya.

"Chinthucho chikuwaluma Ababa," anaganiza Kakhutu.

Anatenga tsache. Anakankha chitseko pang'onopang'ono. Chitseko chinalira, kwiii!

M'chipinda munali mdima. Malaya oyera a bambo anali pamsomali. Ankaoneka ngati munthu wopanda mutu.

Kukutu. Kukutu. Kukutu.

Kakhutu anagwada. Anasuzumira pansi pa bedi. Panali nsapato zokha.

Phokoso silinali pansi. Linali pamwamba. Linali pabedi penipeni.

Kakhutu anadzuka. Anayang'ana nkhope ya bambo. Maso anali otseka. Koma nsagwada zinkayenda. Zinkapita uku, zinkapita uko. Mano ankakhulana okhaokha.

Tsache linagwa pansi.

"Ababa! Dzukani! Mukudya mano anu!"

Bambo anadzidzimuka. "Ndani? Ine?"

"Inu nomwe, Ababa."

"Koma ine sindinamve kanthu."

"Munali mtulo. Ine ndamva."

Madzulo Kakhutu anauza amayi zonse. Amayi anayang'ana m'kamwa mwa bambo. Anapukusa mutu.

"Mawa tipite kwa dokotala wa mano," anatero.

Bambo anatseka pakamwa ndi dzanja. "Akandizula onse!"

"Musaope, Ababa," anatero Kakhutu. "Ndikuperekezani."

Kwa dokotala kunali kozizira. Kunkanunkha mankhwala. Pakati panali chimpando chachikulu. Pamwamba pake panali nyale ngati diso. Patebulo panali mano opanda mwini. Ankaseka okha.

Kakhutu anagwira dzanja la bambo. Bambo anagwira dzanja la Kakhutu.

Dokotala anali mayi wa mawu ofatsa. Anayang'ana mano a bambo. Anakanikiza pafupi ndi khutu.

"Mayo!" anatero bambo.

"Apa ndi pamene nsagwada zimalumikizana," anatero dokotala. "Patopa kwambiri. Mumakukuta mano mukagona. Onani, mano ayamba kuperepeseka."

"Muwazula?" anafunsa Kakhutu.

"Ayi, mwanawe. Tiwaveka chipewa."

"Chipewa cha mano?"

"Eee. Azivala akamagona. Mano sadzakhulananso."

Dokotala anatenga chinthu chofewa ngati dongo. "Lumani apa, bambo." Bambo analuma. Mano awo anadinda pamenepo.

"Ndani anamva phokosolo?" anafunsa dokotala.

"Ndine," anatero Kakhutu.

"Wachita bwino. Munthu wogona sadzimva yekha."

Kenaka anatembenukira kwa bambo. "Muziika kansalu kofunda patsaya. Muyambe mwadya zofewa. Muzipuma mokwanira. Nkhawa musamagone nazo."

Patapita masiku, chipewa chinapangidwa. Chinali cha pulasitiki. Chinali chaching'ono. Chinkaonekera ngati madzi.

Bambo akabwera kuntchito, amayi ankafunditsa kansalu. Kakhutu ankaika kansaluko patsaya pa bambo. Bambo ankawauza za kuntchito. Kenaka ankavala chipewa n'kukagona.

Loweruka lina masana, Kakhutu anaima pachitseko cha bambo. Anatchera khutu.

Zii.

Anatcheranso khutu.

Zii.

Bwanji kuli zii chonchi? Kodi Ababa akupuma?

Anatsegula chitseko. Anayandikira bedi. Bambo sankagwedezeka.

"Ababa?" ananong'ona.

Diso limodzi linatseguka. Milomo inatseguka. M'kamwa munanyezimira.

"Fwikomo, mwana wanga," anatero bambo. "Ndikufwuna fwiyi."

"Mukufuna chiyani?"

"Fwiyi!"

Amayi anasuzumira pakhomo. "Akuti akufuna tiyi. Vulani chipewa, bambo. Munthu salankhula ndi mfumukazi atavala chipewa."

Bambo anavula chipewa. Anayang'ana amayi. Anayang'ana Kakhutu. Kenaka anaphulika kuseka. Anaseka pakamwa pali yasa. Anaseka mpaka misozi.

"Sizikupweteka, Ababa?"

Bambo anagwedeza nsagwada. Anazipititsa uku. Anazipititsa uko.

"Pang'ono pokha," anatero. "Bwera kuno."

Kakhutu anadumphira pabedi. Amayi anabweretsa makapu atatu. Bambo anatenga chibanzi chachikulu. Anachiluma pakati penipeni.