Chithunzi cha Mzime

Anthu a mumsewu umenewo ankamutcha Fotokope, chifukwa chuma chake chonse chinali makina akale ochulukitsira mapepala, omwe dzuwa likakwera ankatentha ngati simbi n'kuyamba kutafuna makalata a anthu. Kasitolo kake kanapanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa utoto. Kutsidya kwa msewu kunali sitolo yaikulu ya mnzake wakusukulu, yemwe kale ankamuonera mayeso. M'mawa uliwonse mnzakeyo ankatsitsa galasi la galimoto n'kufuula kuti, "A Fotokope, umphawiwo lero mutichulukitsireko masamba awiri!" Fotokope ankaseka nawo. Koma akalowa mkati ankakhala nthawi yaitali asanayatse makina.

Kunyumba ankakhala ndi mayi ake, omwe anali amasiye, ndi mng'ono wake wokonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde. Mayiwo sankamuitana dzina mng'onoyo, ankangoti "mzime wanga", poti ndiye anali womaliza kubadwa. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi chake chimodzi chokha, chojambulidwa tsiku lomwe anamaliza maphunziro a ntchito yakeyo, akumwetulira, mpata wa m'mano uli poyera.

Tsiku lina m'sitolomo munalowa bambo wa malaya oyera ositidwa bwino, kudzachulukitsa timapepala totsatsa ntchito yake. Anali sing'anga. Polandira timapepalato anati, "Mwakawerenga kawiri kapepalaka. Loweruka masana ndimapezeka."

Fotokope anapita. Chipinda cha sing'angayo chinali chosesedwa bwino, chokhala ndi tebulo ndi mipando iwiri basi.

"Ine magazi sindifuna," anatero sing'angayo. "Magazi sachedwa kuuma. Ndimafuna chinthu chosauma."

"Monga chiyani, bambo?"

"Kudikira. Kwanu kuli munthu woti atasowa, wina sangaleke kumufunafuna?"

Fotokope anayang'ana pansi.

"Ndaona kuti alipo. Mubweretse chithunzi chake, chenichenicho. Sindimupha ayi, ndingomusunga. Nthawi yonse imene mayi ake azimufunafuna, makina anu sadzapuma. Koma tsiku limene adzaleke, kaya atopa kaya akhutira, inu mudzamutsatira."

"Nanga iyeyo adzabwerako liti?"

"Kodi mwabwera kudzafunsa za iye kapena za inu?"

Masabata atatu Fotokope sanachikhudze chithunzicho. Sabata yachinayi makina ake anatafuna satifiketi ya mphunzitsi wina, mphunzitsiyo n'kumulalatira pamaso pa anthu. Mawa lake anachichotsa chithunzicho mufelemu. Mwachizolowezi cha ntchito yake, pepala silinkachoka m'manja mwake asanalichulukitse. Choncho anatulutsa kope limodzi n'kuliika mufelemu muja, podziwa kuti maso a mayi ake anali atayamba kale kuchita chifunga. Chithunzi chenichenicho anakachipereka kwa sing'anga uja.

Lachinayi m'mawa mng'ono wake anaimirira pakhonde, nati, "Achimwene, ndikagule kaye mabatire pagolosale. Tiyi wangayu musandimwere, ndimakudziwani." Anatuluka akuimba mluzu. Patebulo anasiya wotchi ya munthu ili yotsegula. Sanabwerenso.

Fotokope ndi mayi ake atapita kupolisi, anawalandira sajenti wina waimvi, wolankhula pang'onopang'ono, mu ofesi yodzaza mafayilo omanga ndi zingwe. Mayi anatsegula felemu n'kumupatsa chithunzi. Sajentiyo anachisisita ndi chala.

"Ili ndi pepala wamba, mayi. Chithunzi chenichenicho chili kuti?"

"Ndi chomwecho, bwana," anayankha mayiwo.

Sajentiyo analemba zinazake m'fayilo.

Apolisi anafufuza ndithu. Anayenda m'zipatala, kunyumba yachisoni, m'madepoti a mabasi. Anafunsa mwini golosale katatu, anatsika ndi agalu kumtsinje. Sanapeze ngakhale nsapato. Lolemba lililonse mayi ndi mwana ankakhala pabenchi la kupolisiko, ndipo yankho linali lomwelo: "Tikufufuzabe."

Mwezi womwewo ntchito inayamba kusefukira kwa Fotokope. Masukulu, mipingo ndi maofesi onse ankafuna iye. Anagula makina atsopano, analemba antchito anayi, anagumula khoma n'kulanda malo a ometa tsitsi. Mnzake wakutsidya uja analeka kutsitsa galasi. Koma nyumba yatsopano yampanda Fotokope ankagonamo yekha. Mayi ake anakana kusamuka. "Akabwera adzapeza ndani?" Chitseko cha nyumba yakaleyo sankachitseka, kaya kunja kukugwa mvula kaya kukuzizira.

Chaka chachiwiri amalume ake anabwera n'kumutengera pambali. "Mphwanga, mlongo wangayu watha. Taona mikono yake. Tiyeni tivomereze, tilire, mtima wake ukhale pansi."

"Malinga ndili moyo, palibe amene adzalire maliro a mng'ono wanga!" anakalipa Fotokope.

Achibale anamuyamikira kuti ndi munthu wokonda m'bale wake. Iye yekha ndiye ankadziwa chimene ankateteza. Akaona kuti mayi ake ayamba kufooka, ankapeka nkhani. "Amayi, wina waimba foni, akuti anamuona pamsika wa kutauni ina." Mayiwo ankadzuka, kuvala nsalu yawo yabwino, n'kuyenda naye ulendo wa tsiku lonse kukaonetsa pepala kwa anthu osawadziwa. Mawa lake ntchito inkachuluka kuposa kale, ndipo Fotokope ankasiya chakudya osachikhudza.

Mapepala olengeza za kusowako ankamata yekha pamitengo ya magetsi ndi pamakoma. Makina atsopano aja ankakana nkhope imeneyo, ankangotulutsa pepala loyera. Makina akale okha ndiwo ankavomera. Kope loyamba lija linali m'fayilo ya apolisi, choncho mvula ikachotsa mapepala, iye ankamatula lomwe latsalako bwino n'kuchulukitsa lomwelo. Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti kope la kope limataya kanthu. Poyamba kanasowa kachipsera ka pachikope. Kenako mpata wa m'mano unatsekeka. Kumwetulira kunafufutika. Chomwe chinatsala ndi chipumi ndi chibwano cha malemu bambo awo, zomwe ana onse awiri anatengera.

Chaka chachitatu sajenti uja anafika kusitolo masana, nakhala pampando wa makasitomala, chipewa chili pabondo.

"Mwezi uno anthu asanu aimba foni kuti amuona mng'ono wanu," anatero. "Onse asanu amuona akutsegula sitolo ino."

Anatulutsa pepala lomwe anamatula panjira, naliyandikiza kunkhope ya Fotokope, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ine ndatsala pang'ono kupuma pantchito, a Fotokope. Koma funso langa lija silinayankhidwe. Chithunzi chenichenicho chinapita kuti?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Chabwino. Fayiloyi sinditseka."

Tsiku lomwelo Fotokope anathamangira kwa sing'anga, nagwada pasimenti. "Tengani zonse, bambo. Makina, nyumba, galimoto. Mungondibwezera mng'ono wanga."

"Zimene ndinakupatsani ndi zanu, zimene munandipatsa ndi zanga," anayankha sing'angayo osakweza mawu. "Mayi anu mukuwadyetsa bwino? Muziwasamala. Ndipo pitani mukamate mapepala, mvula yayandikira."

Kuyambira pamenepo Fotokope anaonda mpaka malaya ankangolendewera pamapewa. Kuulula sakanatha, kuthawa sakanatha, ngakhale kufunira mayi ake mpumulo sakanatha.

Lolemba lina m'mawa anapita kukawatenga monga mwa nthawi zonse. Anawapeza ali gone pampando wautali wa pabalaza, atafunda bulangete, pepala latsopano lili pafupi ndi maso awo. Iye anaima pakhomo, kuwala kuli kumbuyo kwake. Mayiwo anayang'ana pepala, n'kuyang'ana munthu woonda woima pakhomoyo, n'kuyang'ananso pepala. Linagwa m'manja mwawo.

"Mzime wanga," ananong'ona. "Wabwera?"

Mawu oti awakonze anali pamlomo pake: ndine wamkulu, amayi, dzukani tizipita kupolisi. Akanangonena zimenezo, makina akanapitiriza kulira. Koma anaona nkhope ya mayi ake ikumasuka, nkhope yomwe sanaionenso chichokere Lachinayi lija. Anayenda pang'onopang'ono, nagwada pambali pawo.

"Ndabwera, amayi."

Anamugwira chipumi, anamugwira chibwano, misozi ikutsikira m'makutu mwawo. "Mabatire okhawo zaka zitatu, iwe mwana wopanda nzeru?" Anaseka pang'ono. "Ukawauze achimwene ako aleke kumata mapepala, avutika mokwanira. Mwana wabwino ameneyo. Tseka chitsekocho, ndikumva kuzizira."

Fotokope anatseka chitsekocho. Chinalira, poti mahinjesi anali atachita dzimbiri. Anakhala pomwepo mpaka mayi ake anagona tulo. Kenako anawafunditsa bwino, natuluka.

Galimoto yake inapezeka masana pakhomo pa nyumbayo, chitseko chili chotsegula, injini ikulira, mwini wake osaoneka. Kusitolo makina onse anazima ola lomwelo, ndipo amisiri atatu analephera kuwadzutsa. Mayiwo anamwalira Lachitatu osadzidzimuka, akuuza amalume aja kuti ana awo onse ali bwino.

Sajenti atafuna chithunzi cha Fotokope, m'nyumba yampanda ija sanapezemo ngakhale chimodzi. Anatenga pepala lomaliza lija, nalemba pansi pake ndi cholembera kuti osowa ndi awiri. Chipinda cha sing'anga anachipeza chili chopanda kanthu, chosesedwa bwino. Sajentiyo anapuma pantchito, fayilo n'kuisiyira wina. Mpaka lero, ukafunsa kupolisiko, amati akufufuzabe.

Umphawi umawawa, ndipo kusekedwa kumawawa koposa. Koma Fotokope ali wosauka ankabwerera kunyumba komwe kunali mluzu pakhonde ndi mayi ogona tulo tabwino. Dyera linamuuza kuti zimenezo si chuma, iye n'kukhulupirira. Munthu amene wagula chuma ndi m'bale wake sakhala mwini wa chumacho, amakhala mlonda wake, ndipo tsiku lomasuka ndi lomwe amatayika.