Mbale ya Yanyan

Uyu ndi Yanyan. Yanyan amakhala mu mzinda wa Xi'an. Yanyan akufuna mbale yakeyake.

Masiku onse amadya m'mbale ya amayi ake. Ngati khanda. Lero ayi.

Dzuwa lalowa. Magetsi ayaka pamsika. Utsi wa kanyenya wadzaza msewu wonse. Anthu ndiye ambiri, eee!

Yanyan ali pamsikapo ndi amayi ndi abambo. Achimwene ake a Dawu ali pambuyo, maso pa foni.

Afika pa chikwangwani chobiriwira. Apa chakudya ndi cha halali. Wophika ndi agogo a Hai, a chipewa choyera. Amaphika msuzi wa nyama ya nkhosa.

Agogo a Hai sasintha. Amakupatsa mbale ndi buledi wolimba. Buledi umanyema wekha. Tizidutswa tichepe ngati soya. Ukatero, amatiphika mu msuzi wako.

"Ndikufuna mbale yanga," watero Yanyan.

"Udya nane, mwanangu," atero amayi.

"Ayi. Ndinyema ndekha."

A Dawu aseka. "Iwe? Ndi tizala timeneto?"

"Eya. Ndi tizala timeneti."

Yanyan walandira mbale. Walandira buledi. Nyemu! Nyemu! Nyemu! Wamaliza fasita. Wathamanga nayo mbale.

Agogo a Hai ayang'ana m'mbale. Ayang'ana Yanyan. Ayang'ananso m'mbale.

"Kamtsikana iwe, ukumanga nyumba?"

"Ayi, agogo."

"Nanga njerwa izi ndi za chiyani? Ine sindiphika njerwa."

Mbale yabwerera. A Dawu aseka mpaka foni yagwa.

"Osavutika, iwe," atero a Dawu. "Makina ali apo. Amadula buledi fasita. Ine ndaponya wanga m'menemo. Zili bho."

"Makina ndi a aulesi," watero Yanyan. "Ndinyema ndekha."

Wakhala pansi. Watenga njerwa imodzi. Tsina, nyema, ponya. Tsina, nyema, ponya.

Mbale ya a Dawu yabwera. Ikununkhira.

Mbale ya amayi yabwera. Ikununkhira.

M'mimba mwa Yanyan mwalira. Kuluuu!

"Ndamva," atero amayi. "Yasama, ndikulawitse."

"Ayi, amayi. Ndidya zanga."

Tsina, nyema, ponya. Tsina, nyema, ponya.

Zala zayamba kuwawa. Zala zafiira.

"Ndikuthandize pang'ono?" afunsa abambo. "Agogo sakuona."

"Ayi, ababa. Ine ndikuona."

Abambo amwetulira. Abweza dzanja. Mbale yawo ali nayo, koma sakudya. Akudikira.

"Ababa, izizira," atero a Dawu.

"Izizire. Ndidya ndi mlongo wako."

Tsina, nyema, ponya. Tsina, nyema, ponya.

Njerwa zatha. M'mbale muli soya yekhayekha.

Yanyan wanyamula mbale ndi manja awiri. Wadutsa makina. Sanawayang'ane n'komwe.

"Agogo, ndabweranso."

Agogo a Hai avala magalasi. Avundula m'mbale ndi timitengo todyera. Avundula. Avundula. Kenako atola kanthu. Chidutswa chimodzi chachikulu! Chinabisala pansi.

"Aha! Nanga ichi?"

A Dawu adzutsa mutu.

Yanyan wayang'ana chidutswa. Wayang'ana agogo. Tsomphu! Waponya m'kamwa. Watafuna. Wameza.

"Chiti, agogo?"

Agogo a Hai ayang'ana timitengo tawo. Palibe kanthu. Ayang'ana m'mbale. Soya yekhayekha.

Aseka. Aseka mpaka chipewa chapendama.

"Shuwa, palibe," atero agogo. "Maso anga akalamba. Bweretsa kuno!"

Moto wayaka. Buu! Msuzi wawira. Tizidutswa talowa. Nyama yalowa. Agogo awonjezera nyama ina.

"Mbale ya Yanyan!" afuula agogo. "Yonyema yekha!"

Abambo anyamula mbale yotentha. Aiika patsogolo pa Yanyan. Amayi amupatsa adyo ndi tsabola pang'ono.

"Bisimila," watero Yanyan.

Walawa. Tizidutswa tamwa msuzi. Tafewa. Tikukoma, tikukoma!

A Dawu asendera pafupi.

"Mlongo wanga wokongola..."

"Mwayamba liti, achimwene?"

"Ndilaweko kamodzi basi."

Yanyan wawalawitsa kamodzi. A Dawu atsinzina.

"Aa! Bwanji yako ikukoma kuposa yanga?"

"Kafunseni makina anu."

Amayi aseka. Abambo aseka. Tsopano abambo ayamba kudya.

A Dawu aika foni m'thumba. Apita kwa agogo a Hai. Abwera ndi mbale ina ndi buledi wina. Nyemu! Nyemu!

Yanyan wasuzumira m'mbale mwawo.

"Achimwene, mukumanga nyumba?"

"Ndiye ndipange bwanji?"

Yanyan wakoka mpando wake pafupi. Wakokanso mbale yake. Yakeyake.

"Onani kuno," watero, chakudya chili m'kamwa. "Tsina, nyema, ponya."