Mtima Wogunda pa Msomali

Patatha masabata awiri Enelesi atachira mwana wamkazi, namwino Chimango anafika kwawo, chakumtunda kwa Champiti, atanyamula foni ngati yamuotcha. Nkhani inali kawotchi kamene anamuveka Enelesi ali woyembekezera, koyeza tulo, mayendedwe ndi kugunda kwa mtima, kuti achipatala adziwe msanga ngati maganizo amuchulukira. Anamupatsa chifukwa mwana wake woyamba anabadwa wakufa, ndipo amayi a m'mudzi anakamuika mwakachetechete, monga amachitira ndi mtayo, osalola ndi mayi wake yemwe kulira.

Foniyo inkaonetsa kuti usiku uliwonse, tambala asanalire, Enelesi ankayenda kamtunda ndithu, mtima ukuthamanga.

Enelesi anakana kuti satuluka. Koma mayi ake, omwe makina amawakhulupirira kuposa mwana wawo, anati mutu wayamba kusokonekera, tsiku lina adzatuluka ndi khandalo n'kukalisiya kutchire. Anayamba kugona nalo kunyumba kwawo. Kumjigo kunamveka kale manong'onong'o akuti Enelesi amatamba. Iye ankangolira, mabere atadzaza mpaka kuwawa.

Usiku wotsatira Enelesi anawaza phulusa pakhomo, kuti aone ngati amatulukadi. Kutacha panalibe phazi, ngakhale la khoswe, koma kawotchi kanali katayendanso.

Usiku wachitatu anakavula n'kukakoleka pa msomali wa kalendala. Sanagone. Mdima unali wa ndiweyani, achule akulira kudambo, mpaka onse analeka nthawi imodzi. Pamenepo kanyali kobiriwira ka kunsi kwa kawotchi, kamene kamayaka pokhapokha kakakhudza khungu, kanayamba kuphethira pakhoma. Chapafupi ndi mphasa panamveka timilomo tikutsopa, pang'onopang'ono, ngati khanda lofunafuna bere. Enelesi anachita mantha kwambiri, komabe mkaka unayamba kuchucha wokha.

M'mawa Chimango anabwera atakwiya.

"Kawotchi aka si ka mwana, musamamuveke. Mtima wa munthu wamkulu sugunda chonchi. Umene wagunda usiku wathawu ndi wa khanda."

Mayi ake a Enelesi anayankha kuti khandalo linagona pachifuwa pawo, chitseko chili chokhoma. Namwino anayang'ana foni, n'kuyang'ana kawotchi pa msomali paja. Lamba wa kawotchiko anali ndi matope akuda, osauma. Anati mwina makina awonongeka, koma mawu ake sankamveka ngati akukhulupirira. Kenako anawaonetsa mapu: kanjira kankachoka m'nyumbamo, kudutsa kuseri kwa dimba, n'kukathera pa mkuyu wa kudambo.

Mayi aja anakhala pansi mwadzidzidzi. Malo amenewo, pamene anaika mwana woyamba uja, ankawadziwa iwo ndi amayi ena atatu basi. Enelesi sanauzidwepo.

"Ndi pamenepo, eti amayi?" anafunsa monong'ona.

Enelesi anapita pakhoma paja. Anachotsa kawotchi pa msomali, n'kukavala osapukuta matope aja.

"Ndipatseni mwana wanga ayamwe. Akakhuta mundiperekeze kumkuyuko, ndikamulire mkulu wakeyo."