Saina Chabe, Switi Wanga

Anakumana pa siteshoni ya minibasi ku Kanyama, tsiku limene madzi osefukira anafika m'mawondo. Norah anali atasenza belo la salaula, zovala zakaunjika, maso ali psuu ndi kulira. Galimoto yoyera inaima pambali pake.

"Ba sisi, kwelani. Nkhope yabwino so siyenela kunyowa na mvula."

Anali Mukuka, loya wa kaofesi kena m'tauni. Asanafike pamsika, Norah anali atakhuthula zonse. Banja lake ndi Cephas linali kutha, ndipo Cephas ankafuna nyumba. Nyumbayo anaimanga Norah ndi thukuta la salaula, kwacha isanagwe chagada. Cephas chichotsedwereni ntchito ankangodziwa njira ya kubawa.

"Musadandaule," anatero Mukuka. "Iyi nkhani nizaigwila ine, mahala."

Mahala! Ulere mu Lusaka muno, momwe ufa ukukwera mtengo sabata iliyonse? Koma mtima wa munthu wosiyidwa ulibe makutu.

Mameseji anayamba kugwa. "Duwa langa, wadya?" Kenako: "Malaiti yayenda, koma iwe uniunikila mumutima." Norah ankawerenga n'kumaseka yekha ngati mtsikana wa sukulu. Anamukonda, osati pang'ono.

"Switi wanga, isiye ija nyumba," Mukuka anamunong'oneza tsiku lina. "Ingena manzi chaka chilichonse. Ku khoti uzakalambila pa benchi. Saina chabe, nizakumangila yako ku Chilenje, pouma."

Tsiku losainirana mu ofesi ya Mukuka, Cephas ali pomwepo, Norah anasaina. Cephas anaimirira n'kugwira Mukuka chanza.

"Zikomo, mulamu."

Mulamu? Norah anayesa ndi chipongwe cha mwamuna wansanje, ndipo chinamukomera. Wopusa iye!

Loweruka Norah anapita kunyumba ija kukatenga mapoto ake. Anapeza mkazi wapakati akupachika makatani atsopano pawindo. Pampando, miyendo ili pa tebulo, panali Mukuka akukukuta chimanga chootcha.

"Ba Mukuka, muchita chani pano?"

"Nabwela kuona mulongosi wanga, Ketty. Ni mukazi wa ba Cephas manje."

Norah anamuloza chala.

"Imwe? Loya wanga?"

"Loya wanu?" Mukuka anaseka. "Mukabelenge bwino vamene munasaina. Ine ndine loya wa ba Cephas. Imwe munalibe loya, mayo."

"Nanga Chilenje? Nanga duwa langa?"

"Inali nchito. Muganiza ninaimilila pa siteshoni paja mwangozi?"

Norah anayang'ana khoma limene anapaka yekha laimu, ndi chitseko chimene anachisenza pamutu kuchokera kwa kalipentala. Mtima unamuwawa koopsa.

Ketty anatsika pa kampando kamene anakwerapo, akusisita mimba yake.

"Ba Norah, mukatenga mapoto musiye makiyi. Na ya ku geti."

Norah anamasula mfundo ya chitenje chake, naika makiyi m'dzanja la Ketty. Asanafike n'komwe pamsewu, anamva loko ikulira kumbuyo kwake.