Chifuwa Cholira Ngati Wotchi

Shafqat anatuluka m'chipatala cha mumzinda wa Multan mabasi atasiya kale kuyenda, ndipo anatuluka atakangana ndi dokotala. Mwana wake wamkazi, Nimra, mtsempha wake waukulu wochokera kumtima unali utatupa ngati chubu chakale cha njinga, woti ukhoza kuphulika tsiku lililonse. Dokotala ankafuna kuudula m'mawa mwake n'kulumikizapo paipi yokhala ndi kachitseko kachitsulo. Koma kachitsekoko kamalira ngati wotchi moyo wonse, ndipo apa m'pamene Shafqat anakanira. Nimra anali atatomeredwa, ndipo apongozi ena amabweza mtsikana chifukwa cha dzino lobenthuka lokha. Nanga wolira m'chifuwa?

Anadulira njira ya kumanda akale kuti akafike msanga kunyumba. Mantha anali nawo ndithu, kungoti bamboyu mantha ake ankawatcha nzeru.

Magetsi anali atazima. Agalu anali zii. Kenako anamva.

Tiki... tiki... tiki...

Anaima. Kulirako sikunaime. Iye wotchi analibe. Kunkachokera kumbuyo kwake. Pafupi!

Anacheuka. Pamwala m'mbali mwa njira panakhala mayi wamtali, wokalamba, atafunda nsalu yoyera kumutu.

"Salaamu, mwanangu. Liwiro lotereli, waba mbuzi ya yani?"

Shafqat anafunsa: "Amayi... chikulirachi n'chiyani?"

"Ndine." Mayiyo anadzigunda pachifuwa n'kuseka. "Anandiika kachitseko kachitsulo mumtima ndili mtsikana. Apongozi anga anati iwo sangalandire wotchi m'nyumba mwawo. Mwana wawo anawayankha kuti ndiye zakhala bwino, sadzachedwanso ku swala, pemphero la m'bandakucha. Ana anga onse ankagona akatsamiritsa khutu apa. Iwe ukuopa phokoso, mwanangu? Uope tsiku limene m'chifuwa mwa mwana wako mudzati zii."

Za Nimra Shafqat anali asanatchule. Anagwetsa nkhope, misozi ili chuchuchu, manyazi atamugwira. Podzutsa mutu, pamwala panalibe munthu.

Tiki... tiki...

Tsopano kunkachokera pansi. Pansi pa nthaka!

Anathawa. Nsapato imodzi inatsalira konko. Anakaima kumsewu waukulu, pamene mkulu wina, Karamat, ankaphikira tiyi oyendetsa malole.

"Khalani pansi achimwene, mungandigwere m'poto," anatero Karamat, akumupatsa kapu.

Shafqat anafotokoza, mawu akuduka.

"Wamtali? Wanthabwala zosatha?" Karamat anapukusa mutu. "Amenewo ndi a Bibi Zubeda. Anamwalira kalekale, inenso ndinanyamula nawo maliro ake. Manda awo ali pafupi ndi mwala umenewo."

Mantha anamugwiranso Shafqat, koma panali funso limodzi limene linamuvuta kuposa manthawo.

"Chinawapha ndi mtima?"

"Mtima wake uti? Ukalamba basi. Pamaliro pawo zidzukulu zinachita kusowa pokhala."

Shafqat anatula tiyi uja asanamwe. Anafunsa njira ina yobwerera kuchipatala, yosadutsa kumanda, ndipo anaiyenda ndi nsapato imodzi. Anapeza Nimra ali maso, akuyang'ana kudenga.

"Abba, mwaiwala chiyani?"

Shafqat anamugwira dzanja, n'kutembenukira kwa namwino amene ankawodzera pakhomo.

"Chemwali, kawadzutseni adokotala. Mukawauze kuti bambo a Nimra avomera."