Dzira mu Rediyeta

Galimoto ya malemu achimwene ake a makaniko wina inakhala m'galaja mwake miyezi isanu, makanikoyo akungoilambalala ngati iluma. Inali yachikale, ya mabampala onyezimira, ndipo rediyeta yake inkadontha. Tsiku lina madzulo alamu ake, mkazi wa malemuwo, anatulukira kuchokera ku nyumba ya kuseri kwa galaja.

"Alamu, tangoikonzani. Ana azivutika wapansi galimoto ya bambo awo ili apa?"

Makanikoyo anavomera. Panali chinthu chimene ankachidziwa yekha. Tsiku lomaliza la moyo wawo achimwene anamupempha kuti asinthe paipi ya madzi. Iye, pothamangira kukaonera mpira, anangoswera dzira mu rediyeta monga amachitira amakaniko aulesi, poti dzira likapsa limatseka kabowo kwa kanthawi. Anawauza kuti wasintha. Injini inawira panjira usiku, achimwene anatsikira ku mtsinje ndi chigubu, mtsinje uli wodzaza. Thupi lawo linapezeka patatha masiku atatu.

Ntchitoyo anaiyamba kutada, anthu onse atapita. Anakweza galimoto pa jeke n'kulowa pansi chagada, tochi ili kukamwa. Paipi ija inalidi yong'ambika, chala chinkalowa.

Dontho linamugwera pamphumi. Linali lozizira, lonunkha matope. Komatu rediyetayo inali itauma kalekale.

Kenako anamva mapazi. Tchapu. Tchapu. Nsapato ziwiri zofiirira zinaima pafupi ndi tayala, madzi akuchucha m'zingwe zake. Ankazidziwa. Chigubu chodzaza chinatera pa simenti.

"Ndabwera nawo madzi aja, mng'ono wanga."

Mawuwo anali otsika, ngati a munthu amene madzi am'tsekera pakhosi. Pamwamba chivindikiro cha rediyeta chinatseguka. Madzi anayamba kulowa, n'kumatulukira pong'ambika paja, onse kumaso kwake. Jeke inalira pang'ono.

"Ikudonthabe. Paja unati wasintha?"

"Achimwene, pepani. Ndinalakwa."

"Ukawauza wekha alamu ako, kapena ndipite ine?"

Tochi inali itagwa. Mantha anali nawo, inde, koma manyazi ndiwo anamugwira pakamwa. Anaganiza za ana aja, amene tsopano ankamutcha bambo. 

Nsapato zinadikira. Kenako zinatembenuka. Tchapu, tchapu, kuzungulira galaja. Anamva kugogoda katatu pa chitseko cha nyumba, loko n'kutseguka. Anayembekeza kukuwa, koma kunali zii.

Sanatulukemo pansipo mpaka kunja kutayera. Oyandikana nawo amanong'ona kuti usikuwo nyali ya pabalaza inayaka mpaka m'mawa, ndipo mumamveka mawu a mwamuna. Ena amati inali wayilesi chabe.

Atakwawa kutuluka, anapeza alamu ataima pakhomo la galaja, maso ali psuu. Sanamupatse moni.

"Dzira, alamu?" anatero motsitsa. "Bambo wa ana anga, dzira?"